Mneni atsate ndani “and” ndi “or” akakumana m'chiganizo chimodzi?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi wa Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Malamulo a “and” ndi “or” ndimawadziwa akakhala payekhapayekha: mayina olumikizidwa ndi “and” amafuna mneni wa zambiri, pomwe pa “or” ndi “nor” mneni amatsata dzina lomwe wayandikana nalo. Koma posachedwapa tinatsutsana ndi aphunzitsi anzanga pa chiganizo ichi: “The treasurer and the head teacher or his deputy sign/signs the cheques.” Ena ankati “sign” poti muli “and”. Ena ankati “signs” poti “deputy” ndiye ali pafupi ndi mneni. Tinabalalika tisanagwirizane. Kodi alumikizi awiri akakumana chonchi, wopambana ndi uti? Nanga ana ndiwapatse lamulo lotani loti akaligwiritse ntchito pa mayeso?

Yankho

Aphunzitsi, mkangano wanuwo sukanatha ngakhale mukanachezera usiku wonse, chifukwa mbali zonse ziwiri zinali ndi pogwira. Vuto lili m'chiganizocho. Chili ndi matanthauzo awiri, ndipo tanthauzo lililonse limaitana mneni wakewake.

Tiyerekeze kuti bukhu la macheke a sukulu lili pa tebulo. Tanthauzo loyamba ndi lakuti msungichuma amasaina nthawi zonse, ndipo pambali pake pamasainanso ahedi, kapena wachiwiri wawo ngati ahediwo achokapo. Cheke chilichonse chimapita ku banki chitasainidwa ndi anthu awiri. Apa “and” ndiye wagawa mwininkhani yense: mbali ino kuli “the treasurer”, mbali inayo kuli “the head teacher or his deputy”. Osaina ndi awiri, choncho mneni ndi “sign”. Tanthauzo lachiwiri ndi lakuti pali njira ziwiri zotulutsira ndalama: msungichuma ndi ahedi asaine limodzi, apo ayi wachiwiri kwa ahedi asaine yekha. Apa wogawa mwininkhani ndi “or”. Mbali ino kuli “the treasurer and the head teacher”, mbali inayo kuli “his deputy”. Chigawo choyandikana ndi mneni chili ndi munthu mmodzi, ndiye mneni akhala “signs”.

Mukandifunsa kuti wolembayo ankanena chiti, ndiyankha kuti choyamba, osakayika. Sindikuona komiti ya sukulu yomwe ingamange manja ahedi kuti asamasaine okha, n'kumasula wachiwiri wawo kuti azikatapa ndalama payekha. Ndiye amene ankati “sign” anali pa yankho loyenera, ngakhale chifukwa chomwe ankapereka, choti “muli and”, n'chosakwanira. Kupezeka kwa “and” m'chiganizo sikutsimikiza kanthu. Chofunika ndi malo omwe wakhala.

Palibe mlumikizi amene anabadwa wamkulu kuposa mnzake. Ana anu a Fomu 3 akudziwa kale kuti 2 × (3 + 4) ndi 14 pomwe (2 × 3) + 4 ndi 10. Manambala ndi omwewo, zizindikiro ndi zomwezo, koma mabulaketi asuntha. M'chiganizo zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti masamu ali ndi lamulo lonena choyenera kuyamba nacho pamene mabulaketi palibe, pomwe Chingerezi chilibe lamulo lotero. Palibe bukhu la galamala lomwe limati “and” aziyamba ndiye “or” azibwera pambuyo. Wowerenga amaika yekha mabulaketiwo m'mutu mwake potengera zomwe akudziwa za macheke, makomiti ndi anthu.

Choncho funso loyamba lomwe mwana azidzifunsa ndi ili: ndi mlumikizi uti amene akudula mwininkhani yense pawiri? Ameneyo ndiye wamkulu m'chiganizo chimenecho. Akakhala “and”, mneni ndi wa zambiri, zilibe kanthu kuti m'kati mwa zigawozo muli “or” angati. Akakhala “or” kapena “nor”, mwana ayang'ane chigawo chomwe chayandikana ndi mneni, awerenge kuti muli mmodzi kapena ambiri.

Ndanena kuti chigawo, sindinanene kuti liwu, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amagwera. Lamulo lomwe timaloweza m'kalasi limati mneni atsate dzina lapafupi. Taonani chiganizo ichi:

“Neither the watchman nor the cook and her helper have been paid.”

Liwu lomwe lagundana ndi mneni ndi “helper”, munthu mmodzi. Mwana woloweza lamulo alemba “has” ali ndi mtima wonse. Koma “nor” sakusiyanitsa mlonda ndi wothandizira kukhitchini. Akusiyanitsa mlonda mbali ino, ndi anthu awiri a kukhitchini mbali inayo. Chigawo chachiwiri chonse ndi “the cook and her helper”, ndipo muli awiri. Tikatembenuza, mneni asinthanso:

“Neither the cook and her helper nor the watchman has been paid.”

Anthu ndi omwewo, malipiro osalandiridwa ndi omwewo, koma tsopano woyandikana ndi mneni ndi mlonda yekha. Ine ndikanakonda kuti lamuloli tiziliphunzitsa kuyambira pachiyambi ndi mawu oti “chigawo chapafupi”, chifukwa mawu oti “dzina lapafupi” amagwira ntchito pa ziganizo zosavuta zokha, kenako amamutaya mwana pomwe akufunikira thandizo.

Palinso kusanja kwina kwa chiganizo chanu komwe n'kofunika kukuona: “The head teacher or his deputy and the treasurer sign the cheques.” Ichinso chili ndi matanthauzo awiri, koma onse amathera pa “sign”. Ngati wamkulu ndi “and”, osaina ndi awiri. Ngati wamkulu ndi “or”, chigawo chapafupi ndi “his deputy and the treasurer”, awirinso. Mneni sangalakwike, koma wa ku banki sakudziwabe ngati ahedi akuloledwa kusaina okha. Mneni kukhala wolondola si umboni woti chiganizo chamveka.

Mankhwala ake alipo m'Chingerezi momwemo. Mawu akuti “either”, “neither” ndi “both” amagwira ntchito ya bulaketi yotsegula: amaonetsa pomwe gulu layambira. Mukalemba kuti “The treasurer and either the head teacher or his deputy sign the cheques”, “either” wauza wowerenga kuti kusankha kwayambira pa ahedi, msungichuma sakukhudzidwa. Mkangano watha. Mukafuna tanthauzo linalo mulemba kuti “Either the deputy or both the treasurer and the head teacher sign the cheques.” Chiganizo chomwe munabweretsacho, mmene chilili, sichiyenera kuikidwa pa mayeso osankha yankho limodzi. Chiyenera kulembedwa pa bolodi kuti ana achikonze.

Musanapite patali, akumbutseni ana kuti nkhondo yonseyi imamenyedwa pa malo ochepa kwambiri. Mneni wa Chingerezi amaonetsa chiwerengero mu “-s” wa nthawi yatsopano, monga “signs” ndi “sign”, komanso mu “is” ndi “are”, “was” ndi “were”, “has” ndi “have”, “does” ndi “do”. Basi. “Signed” sasintha. “Will sign”, “must sign”, “can sign” sasintha. Wolemba chimangirizo akakakamira pakati pa “is” ndi “are” angathe kuzemba polemba “will be” kapena “must be” ngati tanthauzo likulola. Achenjezeninso za “-s” yemweyo, amene pa dzina amatanthauza zambiri koma pa mneni amatanthauza chimodzi. Mwana amene amalemba “The boys plays” nthawi zambiri sakulephera kuwerenga anyamata. Akuganiza kuti “-s” ayenera kuoneka mbali zonse ziwiri, monga mmene “zi” amabwerezedwera mu “zipatso zikupsa”.

Malamulo amenewa ndi akale ndithu. Lindley Murray, amene bukhu lake la galamala linatuluka mu 1795 ndipo linagwiritsidwa ntchito m'masukulu a ku Britain ndi ku America kwa zaka zambirimbiri, anawalemba pafupifupi mmene timawaphunzitsira lero: mayina olumikizidwa ndi “and” atenge mneni wa zambiri, olumikizidwa ndi “or” kapena “nor” aonedwe payekhapayekha. Anaonjezapo langizo lomwe likadali lothandiza, loti dzina limodzi likakhala la chimodzi ndipo linalo la zambiri, la zambirilo likhale pafupi ndi mneni. N'chifukwa chake “Neither the teacher nor the pupils were late” imatsetsereka bwino m'khutu kuposa “Neither the pupils nor the teacher was late”, ngakhale zonse ndi zolondola. Patapita zaka 190, mu 1985, Randolph Quirk, Sidney Greenbaum, Geoffrey Leech ndi Jan Svartvik m'bukhu lawo lalikulu la galamala ya Chingerezi anafotokoza kuti mneni amakokedwa ndi zinthu zitatu: maonekedwe a dzina, tanthauzo lomwe wolankhula ali nalo m'mutu, ndi kuyandikana. Zitatuzi zikagwirizana palibe amene amafunsa funso. Mafunso ngati anuwa amabuka zikayamba kukokana.

Kukokana kwa maonekedwe ndi tanthauzo kumaonekera bwino pa “and” amene salumikiza zinthu ziwiri kwenikweni. Mngerezi amati “Fish and chips is cheap here”, chifukwa m'maganizo mwake ndi mbale imodzi ya chakudya. Ifenso tingalembe kuti “Nsima and chambo is my favourite meal”, koma “Maize and fish are expensive this year”, poti chimanga ndi nsomba zili ndi mitengo iwiri, pa misika iwiri. Mayina a mayiko monga Trinidad and Tobago, kapena Bosnia and Herzegovina, amatenga “is”, chifukwa ndi dziko limodzi la mbendera imodzi. Ndiye pali nkhani ya “the”, yomwe ndi yokoma kuphunzitsa. “The secretary and treasurer is absent” akunena munthu mmodzi wa maudindo awiri, monga zimakhalira m'makomiti ang'onoang'ono a kumudzi. “The secretary and the treasurer are absent” akunena anthu awiri. Kaliwu kamodzi kabwereza, anthu achuluka. Komanso “each” ndi “every” akatsogola, amamwaza gulu kuti aliyense aime payekha: “Every boy and girl has a desk.”

Zimenezi zimalowanso m'ziganizo za alumikizi awiri. Tikati “Either rice or nsima and beans is served at lunch”, wamkulu ndi “or”, chigawo chapafupi ndi “nsima and beans”, ndipo ngakhale muli “and”, wolembayo akunena chakudya chimodzi cha tsiku limenelo. Choncho kuwerenga za m'chigawo si kuwerenga mawu. Ndi kufunsa kuti zinthu zomwe zikunenedwazo ndi zingati.

Tsopano pali alendo ena amene amaoneka ngati “and” koma si iye: “with”, “together with”, “along with”, “as well as”, “in addition to”, “accompanied by”. Amenewa saonjezera chiwerengero cha mwininkhani. “The chief, together with his advisers, has arrived.” Anthu afika ambiri, fumbi lili koboo pa bwalo, koma mneni akuona mfumu yokha. Mawu otsatira “together with” ali ngati katundu wa pa kaliyala: njinga imalemera naye, koma sapalasa nawo.

Ana athu amavutika pamenepa pa chifukwa chomveka. M'Chichewa “ndi” amagwira ntchito zonse ziwiri. Koma Chichewa chomwecho chimasiyanitsa ntchito ziwirizo pa mneni, ndipo mwana aliyense amachita zimenezi osaganizira. Timati “Mwana ndi mayi ake afika”, komanso “Mwana wafika ndi mayi ake.” Poyamba mneni wawerenga awiri, pachiwiri wawerenga mwana yekha, ngakhale ofika ndi omwewo. Apa pali muyeso womwe mungawapatse ana: yesani kusamutsa mawuwo kupita kuseri kwa mneni. “The chief has arrived together with his advisers” ikumveka bwinobwino, kusonyeza kuti alangiziwo sanali mbali ya mwininkhani. “The chief has arrived and his advisers” yathyoka, kusonyeza kuti “and” anali atawamangirira mkati. Chomwe chingasamuke, mneni sachiwerenga.

Ndimadabwa anthu akamayankhula ngati kugwirizanitsa mneni ndi mwininkhani n'chinthu chachilendo kwa mwana wa ku Malawi. Mwana amene amati “khasu lathyoka”, “nkhwangwa yathyoka”, “chikwanje chathyoka”, kenako n'kunena kuti “khasu ndi nkhwangwa zathyoka” osaphunzitsidwa ndi wina aliyense, akusenza kale katundu wolemera kuposa “is” ndi “are”. Akatswiri a ziyankhulo Greville Corbett ndi Al Mtenje analemba za agwirizanitsi a Chichewa mu 1987, ndipo nkhani ya mayina olumikizidwa ili momwemo. Chomwe chimamuphonya mwanayo ndi chakuti pa anthu, Chichewa nthawi zambiri sichisiyanitsa: “mwana akubwera”, “ana akubwera”. Onjezanipo ulemu, womwe umasandutsa munthu mmodzi kukhala ambiri. Timati “Ahedi afika”, ndipo mwana waulemu amanyamula ulemuwo n'kukalemba “The head teacher have arrived.” Muuzeni kuti mneni wa Chingerezi sagwada. Kaya ndi bishopu, kaya ndi pulezidenti, akakhala mmodzi ndi “has”.

Alendo aja, a “together with” ndi anzake, akasakanikirana ndi alumikizi enieni, ntchito yoyamba ndi kuwachotsa, kenako n'kufufuza mlumikizi wamkulu. Taonani msampha uwu:

“The head teacher, as well as the treasurer and the deputy, is expected at the meeting.”

Muli “and”, muli anthu atatu, ndipo mneni ndi “is”. “And” ameneyu ali mkati mwa mawu apambali, sakukhudza mwininkhani. Phimbani ndi chala chilichonse chomwe chili pakati pa mipatuliro iwiriyo, chotsala ndi “The head teacher is expected”. Chimodzimodzi “Neither the councillor nor the chief, together with his advisers, was invited”: chotsani alangizi, wamkulu ndi “nor”, chigawo chapafupi ndi mfumu. Mipatuliro imathandiza, koma musawazoloweze ana kudalira iyo yokha, chifukwa olemba ambiri amaisiya, makamaka pa “as well as”. Ndipo kunena zoona, m'manyuzipepala a ku London komwe mupeza “as well as” atatsatidwa ndi mneni wa zambiri, wolemba atamumva ngati “and”. Pa mayeso mwana atsate dzina loyamba.

“Both … and” alibe nkhani, nthawi zonse ndi zambiri. “Not only … but also” amatsata chigawo chapafupi monga “or”: “Not only the pupils and their parents but also the chief was there.” Ndipo “not” payekha amachotsa dzina m'chiwerengero: “The pupils, not the teacher, are to blame.”

Pa “neither … nor” ndifuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe bukhu ndi pakamwa pa anthu zimasiyana kwambiri. Bukhu limati “Neither Malawi nor Zambia has a seaport.” Koma eni chiyankhulo ambiri, ophunzira bwino omwe, anganene “have” osamva kuti alakwitsa. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. “Either … or” amasankha mmodzi n'kusiya wina, pomwe “neither … nor” amakana onse awiri. Kunena kuti Malawi alibe doko la panyanja ya mchere, Zambia nayenso alibe, ndi kunena za mayiko awiri, ndipo tanthauzo limakokera mneni ku zambiri. Uku ndi kukokana kuja kwa tanthauzo ndi kuyandikana. M'kalasi phunzitsani “has”, poti ndi amene amayembekezeka m'zolemba za ulemu wake ndi pa mayeso. Koma mwana akabwera ndi nyuzipepala kapena akamva pa wailesi ya BBC wina akuti “neither of them have”, musamuuze kuti Mngereziyo sadziwa Chingerezi. Muuzeni kuti kuyankhula kuli ndi ufulu womwe cholembera cha pa mayeso chilibe.

Mneni akatsogola, monga m'mafunso, chigawo chapafupi chimakhala choyamba, osati chomaliza. “Is the teacher or the pupils to blame?” koma “Are the pupils or the teacher to blame?” Ana amene analoweza kuti “tsatani dzina lachiwiri” amagwa apa, chifukwa lamulo silinanenepo za lachiwiri.

Kutsogola kwa mneni kumafooketsanso ngakhale “and” weniweni. “There is a desk and three chairs in the office” ndi chiganizo chomwe Mngerezi amanena tsiku lililonse, ndipo “There are a desk and three chairs” chimamukhumudwitsa lilime, ngakhale chikutsata lamulo la Murray. Wolankhula amasankha mneni asanamalize kuwerenga zomwe akufuna kutchula, ndiye amagwirizanitsa ndi choyamba. Zimenezi si ulesi wa masiku ano. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 lili nazo. Pa 1 Akorinto 13:13 pali “And now abideth faith, hope, charity, these three”: mneni wa chimodzi, kutsogolo kwa zinthu zomwe vesi lomwelo likuti ndi zitatu. Mathero a Pemphero la Ambuye, omwe ana ambiri amawanena pa asembule, amati “For thine is the kingdom, and the power, and the glory”, osati “thine are”. Pa Mateyu 6:19 mneni ali pambuyo, komabe ndi wa chimodzi: “where moth and rust doth corrupt”. Mabuku a galamala a m'masukulu anadza pambuyo pa zonsezi, n'kuyesa kuika mzere wowongoka pomwe chiyankhulo chinkayenda mokhotakhota. Ine mwana akalemba “There is a desk and three chairs” m'chimangirizo sindingamudule malikisi. Pa funso losankha pakati pa “is” ndi “are” ndingamulangize kuti aone bwino: ngati dzina loyamba ndi la zambiri, “are” alibe mpikisano, ndipo ngati ndi la chimodzi lolumikizidwa ndi “and”, wolemba mafunso wokonda malamulo akale amakhala akufuna “are”.

Alowam'malo amabweretsa vuto lina, la “am”, “are” ndi “is”. Lamulo la kuyandikana limapereka “Either you or I am wrong” ndi “Neither you nor he is ready.” Zili bwino pa pepala, koma choyambacho palibe amene amachinena momasuka. Wolemba wanzeru amapatsa aliyense mneni wake: “Either you are wrong or I am.” Pa “and” palibe chovuta, “You and I are”, “He and I are”.

Mayina a magulu, monga “committee”, “team”, “government” ndi “family”, akakhala chigawo chapafupi amatsegula khomo lina. Ku Britain amaloledwa kutenga “has” kapena “have”, malinga ndi kuti wolemba akuona bungwe limodzi kapena anthu a m'bungwemo. Ku America amakonda “has”. Ndiye “Neither the players nor the committee has agreed” ndi yotetezeka kulikonse, ndipo ndi yomwe ndingampatse mwana wa Fomu 4.

Chinanso choti muyang'anitsitse pochonga ndi mawu omata kumbuyo kwa dzina. “Neither the uniforms nor the price of the books has changed.” Chigawo chapafupi ndi “the price of the books”, ndipo mutu wake ndi “price”, osati “books”. Mphunzitsi wa mbiri yakale angakupatseni chitsanzo chabwino: “The Federation of Rhodesia and Nyasaland was dissolved in 1963.” Muli “and”, muli mayina a mayiko, koma chomwe chinathetsedwa ndi chitaganya chimodzi. Kulakwitsa kotere si kwa ana athu okha. Mu 1991 Kathryn Bock ndi Carol Miller anaonetsa pa kafukufuku wawo kuti eni Chingerezi nawonso amaterereka akapatsidwa chiyambi ngati “The key to the cabinets” kuti amalize, ena n'kutulutsa “were” chifukwa dzina la zambiri ndilo lamveka komaliza. Khutu limagwira chomwe changodutsa kumene. N'chifukwa chake ntchito ya kudula mzere pansi pa mutu wa chigawo chilichonse, ngakhale ikuoneka ya ku pulayimale, ndi yofunikabe ku Fomu 4.

Za lamulo loti ana apite nalo ku mayeso a MANEB, ine sindingawapatse mndandanda wa malamulo khumi ndi awiri oti aloweze. Ndingawazoloweze manja. Chiganizo chikabwera, ayambe aphimba mawu apambali, a “together with” ndi anzake aja. Akatero afufuze mlumikizi amene wadula mwininkhani yense, ndipo akaona “either”, “neither” kapena “both” adziwe kuti gulu layambira pomwepo. Akapeza kuti ndi “and”, afunse ngati zinthuzo zilidi ziwiri. Akapeza kuti ndi “or” kapena “nor”, azungulize chigawo chonse chomwe chayandikana ndi mneni, apeze mutu wake, awerenge. Njira yophunzitsira yomwe imagwira msanga ndi kuwaimiritsa ana kutsogolo. Itanani atatu, wina akhale msungichuma, wina ahedi, wina wachiwiri wawo. Werengani chiganizo, kalasi iwaimike m'magulu monga yamvera, kenako ifunsidwe kuti cheke chisainidwa ndi angati. Akasiyana maganizo pa kaimidwe ka anzawowo, aona ndi maso kuti vuto silinali pa mneni.

Pomaliza pali chilombo china chomwe ana akumana nacho akamadzaza mafomu a ku banki, a ku koleji kapena a ntchito: “and/or”. “The parent and/or the guardian signs here.” Apa wolemba wakana dala kusankha mlumikizi wamkulu, ndiye palibe mneni amene angakwane mbali zonse. Akasaina onse awiri “signs” walakwa, akasaina mmodzi “sign” walakwa. Ambiri amangotsata chigawo chapafupi monga pa “or”. M'chimangirizo ana asachilembe n'komwe. Akafuna tanthauzo limenelo alembe kuti “The parent, the guardian or both must sign here.”